Kulondera popanda mfuti ku Beni

Anthu ambiri kwathu ku Mitundu akamva kuti msilikali wapita ku Congo, amaganiza za ntchito imodzi: mfuti paphewa, chipewa chachitsulo kumutu, kuthamangitsana ndi zigawenga m'nkhalango. Ntchito imeneyo ilipodi, ndipo anyamata athu aigwira kuyambira mu 2013, pamene Malawi, Tanzania ndi South Africa anapereka asilikali ku gulu la Force Intervention Brigade, lomwe linathandiza kugonjetsa zigawenga za M23 chaka chomwecho. Koma ine ndinapitira ntchito ina. Ndinali mmodzi wa maofesala omwe bungwe la United Nations limawatumiza opanda chida chilichonse kuti azikayenda m'midzi, kuona zomwe zikuchitika, kumva zomwe anthu akunena ndi kulemba lipoti loona. Kuntchito amatitchula kuti ma MILOB. Ntchitoyi ndi yakale kuposa ya mabataliyoni, chifukwa anthu oyamba omwe bungweli linatumiza kukayang'anira mtendere ku Middle East mu 1948 anali otere, a manja okhaokha.

Usanakwere ndege umayamba wabwerera m'kalasi. Umaphunziranso kuwerenga mapu, kugwiritsa ntchito GPS, kulankhula mwachidule pa wailesi, kumanga bala la munthu amene akutaya magazi, ndi kuzindikira malo omwe mwina akwirirapo mabomba. Chomwe ambiri sachiyembekezera ndi mayeso a galimoto. Ukafika amakuyesa kuyendetsa galimoto yamagiya yokoka matayala onse anayi, chifukwa kumeneko kulibe wokuyendetsa. Meja amene kuno amakhala kumpando wakumbuyo, uko amasintha yekha tayala m'matope. Ine ndinadzera ku Entebbe ku Uganda, komwe ofika kumene amalembetsa, ndipo ndege inakatitula pa bwalo la Mavivi, kunja pang'ono kwa tauni ya Beni, m'chigawo cha North Kivu. Munali mu 2018.

Sitinkakhala m'kampu ya asilikali. Tinkachita lendi nyumba pakati pa anthu, ndipo ndalama yomwe ankatipatsa inali yoti tilipire nyumbayo, tigule chakudya, madzi ndi makala. M'nyumbamo munali maofesala ochokera m'maiko osiyanasiyana, a ku Asia, a ku South America ndi anzathu a mu Africa muno. Wina sadya nkhumba, wina sadya ng'ombe, wina sadya chopanda tsabola. Tinkagawana masiku ophika ndi ogula zinthu kumsika, ndipo aliyense anaphunzira kulemekeza poto ndi pemphero la mnzake. Zimenezi si zazing'ono. Munthu amene mwakangana naye chifukwa cha mbale zosatsuka usiku ndi yemweyo amene mawa agwire chiwongolero pamene inu mukuwerenga mapu pamsewu wokayikitsa. Pa chakudya ine sindinavutike kwenikweni, chifukwa anthu akumeneko amadya kondowole, chigwada, nyemba ndi nthochi zophika, ndipo ufa wachimanga unkapezeka.

Tsiku limayamba kusanache bwino. Woyang'anira wailesi amaitana kulikulu kutsimikiza kuti tonse tilipo. Kenako timaunika galimoto: mafuta, madzi, matayala apadera, chingwe chokokera, fosholo, bokosi la mankhwala, foni ya setilaiti. Timakhala pansi ndi womasulira wathu, mbadwa ya komweko, n'kumvana njira yomwe tidzere, nthawi yobwerera, ndi zomwe tichite galimoto ikatitimira. Msewu ukakhala woopsa timapempha asilikali a mfuti kuti atiperekeze, koma nthawi zambiri tinkayenda tokha, chifukwa anthu amamasuka akaona kuti palibe mfuti.

Luso loyamba la ntchitoyi ndi kuwerenga msewu. Ukaona amayi akupita kumunda ndi makasu, ana akuthamangira galimoto, utsi ukufuka m'makhitchini, anyamata a kabaza wa njinga zamoto aima pamalo awo a masiku onse, umadziwa kuti usiku wadutsa bwino. Ukaona mudzi uli zii, nkhuku ndi mbuzi zikuyenda zokha, zitseko zili pululu, umachepetsa liwiro n'kudziwitsa kulikulu usanapitirire. Ukakumana ndi anthu ambiri olowera mbali imodzi, atasenza matiresi, zigubu ndi mapoto, umaima n'kufunsa kumene achokera ndi nthawi yomwe anyamuka. Ngakhale mitengo ya zinthu pamsika imalankhula. Nthochi ndi chinangwa zikakwera mtengo mwadzidzidzi, ndiye kuti alimi asiya kupita kuminda ya mbali ina. Koko wakupsa m'mitengo koma osathyoledwa amakuuza kuti mwini wake akuopa chinachake. Dera la Beni lavutika ndi zigawenga za ADF, zomwe zinachokera ku Uganda n'kukhazikika m'nkhalango za m'mphepete mwa mapiri a Rwenzori, ndipo kuyambira mu 2014 zakhala zikupha anthu m'midzi ndi m'minda, kawirikawiri ndi zikwanje ndi nkhwangwa. Choncho munda wosiyidwa kumeneko si ulesi.

Luso lachiwiri, lomwe ndi lalikulu, ndi kukhala pansi. Ili sindinaliphunzire ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Ndinaliphunzira ndili mwana, nditakhala kumbuyo kwa agogo pa bwalo la milandu kwathu kwa Chiseka. Pabwalo mfumu sithamangira chigamulo. Imalonjera, imasiya wodandaula alankhule mpaka mawu amuthere, imamva winayo, kenako imafunsa mboni funso limodzi: kodi munaona ndi maso anu, kapena munachita kumva? Ku Congo ndinkachita chimodzimodzi. Ndikafika pamudzi ndinkayamba kwa mfumu, kuvula magalasi akuda, kukhala pampando womwe andipatsa, kufunsa za mvula ndi za ana ndisanatulutse kope. Anzanga ena ankaona ngati tikutaya nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yeniyeni imatuluka ukamatsanzika, kapena imachokera kwa mayi amene wakhala chete pamphasa nthawi yonseyo. N'chifukwa chake gulu lokhala ndi ofesala wamkazi limamva zambiri kuposa la amuna okhaokha: pali zinthu zomwe mayi wogwiriridwa sangauze mwamuna wachilendo wovala yunifomu.

Womasulira ndi theka la ntchito yonse. Kumeneko anthu amalankhula Chiswahili ndi Chinande, akuluakulu a boma amalankhula Chifalansa, ndipo asilikali ambiri a boma, a FARDC, amalankhula Chilingala. Ine Chiswahili ndinachigwira msanga poti chimayandikana ndi chathu, koma womasulira amamva zomwe mlendo sangamve: kuti uyu akuopa amene waima kumbuyo kwake, kuti uyu si wa m'mudzi muno. Ndipo iye amatsala komweko ife tikabwerera kwathu. Choncho sutchula dzina lake pagulu mosasamala, ndiponso sulemba dzina la wokuuza nkhani pamalo pomwe wina angaliwerenge. Kuteteza amene wakukhulupirira ndi lamulo loposa onse.

Madzulo timalemba lipoti la tsiku. Limayankha mafunso ochepa: chachitika n'chiyani, kuti, liti, anachita ndani, anthu angati, ndipo tadziwa bwanji. Funso lotsirizali ndiye mutu wa ntchito yathu. Zomwe taona ndi maso timazilemba pazokha. Zomwe tamva kwa munthu mmodzi timalemba kuti sizinatsimikizike. Zomwe anena mfumu, namwino wa pachipatala ndi mkulu wa asilikali aliyense payekha, n'kugwirizana, timazipatsa kulemera. Kunkhondo mphekesera zimathamanga kuposa galimoto, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chokuuzira nkhani mokomera mbali yake. Ukalemba kuti aphedwa anthu makumi awiri pamene manda atsopano ndi asanu, asilikali adzathamangira kolakwika n'kusiya mudzi wina pambalambanda. Ukachepetsa chiwerengero pofuna kusangalatsa akuluakulu, wawapha kachiwiri anthuwo. Lipoti la pamudzi limapita ku Beni, limafika ku Goma ndi ku Kinshasa, ndipo zina mwa izo zimakathera m'malipoti omwe amakambidwa ku New York. Chiganizo chimodzi chabodza chimatha kuyenda ulendo wonsewo.

Masiku ovuta ndi aja opita kukatsimikiza kuti anthu aphedwa. Umafika maliro ali mkati, umavula chipewa, umapepesa, kenako umayenera kufunsa mafunso omwe kwathu munthu sangafunse pasiwa. Tsiku lina gogo wina, mdzukulu wake atangoikidwa, anandiyang'ana nditagwira kope n'kunena kudzera mwa womasulira kuti, "Mwananga, walemba. Ndiye chichitike n'chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Agogo, sindikulonjezani zomwe zili kunja kwa mphamvu zanga. Chomwe ndikulonjeza n'chakuti zomwe zachitika pano zikafika kwa otumiza asilikali monga momwe zilili, ndipo palibe adzanene kuti sizinachitike." Lonjezo la munthu wopanda mfuti ndi lomwelo, ndipo ndimakhulupirira kuti ndi lolemera. Ophedwa osalembedwa amaiwalika msanga, ndipo wakupha amadalira kuiwalako.

Mu 2018 momwemo, pa 1 Ogasiti, boma la Congo linalengeza kuti m'derali mwagwa Ebola, ndipo pofika mu 2020 matendawa anali atapha anthu oposa 2,000. Kugwirana chanza kunaletsedwa. Paliponse tinkasamba m'manja ndi madzi a klorini ndi kupimidwa kutentha kwa thupi. Kwa munthu amene ntchito yake imayamba ndi moni, zinali zolemetsa. Ndinkaika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono, monga timachitira pamaso pa apongozi, ndipo akuluakulu a m'midzi ankaulandira ulemuwo.

Kusanyamula mfuti sikutanthauza kuti ndiwe wotetezeka. Mu Meyi 2003, ku Mongbwalu m'dera la Ituri, anaphedwa ma MILOB awiri, wina wa ku Jordan ndi wina Mmalawi mnzathu, Kaputeni Siddon Davis Banda. Ku Rwanda mu 1994, Kaputeni Mbaye Diagne wa ku Senegal, yemwenso ankagwira ntchito yathu yomweyi, anapulumutsa anthu mazanamazana powanyamula pa galimoto yake n'kuwadutsitsa pa zipata za akupha ndi pakamwa pokha, mpaka bomba linamupha pa 31 Meyi. Mendulo yapamwamba ya kulimba mtima ya United Nations inatchedwa dzina lake. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi ndi wa ku Tanzania mmodzi anafa pomenyana ndi ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 banja lake linalandira mendulo ya Diagne ija. Sabata imeneyo sindinagone bwino. Anali ana a kwathu, ovala mbendera yomwe inali paphewa langa, ndipo mwina ena ndinadutsana nawo pa Kamuzu Barracks.

Usiku netiweki ikalola ndinkaimbira mayi a kunyumba, omwe ankakhala ndi ana kwawo ku Nathenje. Iwo ankandiuza za feteleza, za soya, za fizi, za mwana amene watentha thupi, za denga la amayi anga ku Mitundu lomwe layamba kudontha. Ine ndinkangoti kuno kuli bwino. Anthu amaona malata atsopano ndi mpanda wa njerwa msilikali akabwerako, ndipo n'zoona kuti ndalamayo imasintha banja. Chomwe saona ndi mayi amene walima, wakolola, waimira bambo pamaliro ndi pachinkhoswe chaka chonse, kwinaku akudzidzimuka nthawi iliyonse wailesi ikatchula Congo. Ntchito yosungitsa mtendere amaigwiranso otsala kunyumba.

Ena amafunsa chifukwa chake dziko losauka ngati lathu limatumiza ana ake ku nkhondo za eni. Funsoli linakula mu Januwale 2025 pamene asilikali athu ena anafa pa nkhondo ya kufupi ndi Goma, ali pansi pa gulu la SADC, ndipo boma linalamula kuti otsalawo akonzekere kubwerera. Ndi funso loyenera, ndipo amasiye ali ndi ufulu wolifunsa mokweza. Yankho langa limachokera pa zomwe ndinaona ndili mnyamata, tikamapita ku Dedza pa msewu wa M1: anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique atamanga zisakasa m'mbali mwa malire. Dziko lino linasunga anthu oposa miliyoni imodzi nthawi imeneyo. Nkhondo ya mnansi sikhala kwa mnansi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa ofesala wachinyamata amene akufuna ntchitoyi, malangizo anga ndi awa. Phunzira Chifalansa ndi Chiswahili usanaitanidwe. Dziwa kukonza galimoto ndi kuphika wekha. Konza za banja lako, mpaka za mwadzidzidzi, usananyamuke. Usalandire mphatso yomwe ingakutseke pakamwa, ndipo usayandikire mwana wamkazi wa anthu omwe wapita kukawateteza, chifukwa njala yawo si chilolezo chako. Ukakhala pansi kulemba, usakometse nkhani ndipo usaikuze. Amene adzawerenge lipoti lako sanafike pamudzipo, ndipo asilikali adzatumizidwa kapena kusatumizidwa potengera zomwe iwe wanena kuti unaona.