Msana wa mkamwini ndi mtsempha wobisala

Kuno ku Cassacatiza msana ndiwo chuma cha munthu. Khasu lifuna msana, mtolo wa nkhuni ufuna msana, thumba la chimanga lowolokera ku Chanida lifunanso msana. N'chifukwa chake matenda a msana amasautsa pawiri. Munthu amamva ululu m'thupi, kenaka amamva mawu a anthu, pakuti chilonda chimaoneka ndi maso koma msana ukamapweteka palibe chimene mnansi angaone.

Mkamwini wina wa m'mudzi wa kufupi ndi malire anakhala ndi vutoli dzinja zitatu. Ululu wake unali pamalo amodzi, kumanja, pamwamba pa thako pamene fupa la chiuno limathera. Unkatentha ngati moto nutsikira m'thako, makamaka akayenda mtunda kapena akawerama m'munda wa fodya. Anatemera mphini mpaka m'chiuno munadzaza zipsera. Anamwa mapiritsi ogula pamsika tsiku ndi tsiku. Potsiriza anagulitsa mbuzi napita kukajambulitsa X-ray, ndipo anauzidwa kuti mafupa ake ali bwinobwino.

Uthengawo sunamuthandize pamudzi. Apongozi ake anaitana mwana wao nati, "Kawafunse amuna akowo. Ngati chithunzi chakana, nanga matendawo ali pati? Munda sulimidwa ndi kubuula." Mkamwini wosalima sachedwa kulozedwa njira ya kwao, choncho bamboyo anaona kuti banja lake lili pangozi.

Chithunzicho sichinaname, ndipo bamboyonso sananame. X-ray imaonetsa mafupa, koma siionetsa mitsempha yonyamula uthenga wa ululu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana wam'munsi, ndipo mwa anthu 10 aliwonse, pafupifupi 9 sapezeka ndi chifukwa chenicheni chimene dokotala angaloze. Ena mwa iwo vuto lao ndi kamtsempha kofinyidwa.

Timitsempha timeneti madokotala amatitchula kuti superior cluneal nerves. Timachokera m'msana, tiwoloka m'mphepete mwa fupa la chiuno, pafupifupi masentimita 7 kuchokera pakati pa msana, ndipo timapita ku khungu la matako. Powoloka fupalo timadutsa pa kampata kothina ka mnofu wolimba. Kampatako kakathina kwambiri mtsempha umapanikizika, monga chala chopanidwa ndi chitseko. Madokotala awiri, Strong ndi Davila, analemba za vutoli m'chaka cha 1957. M'chaka cha 2014 madokotala a ku Japan analemba kuti anayeza odwala 834 odandaula msana kapena miyendo, ndipo 113 mwa iwo anaganiziridwa kuti ali ndi vuto la mtsempha umenewu.

Makina amene amathandiza kuufufuza ndi omwe aja amayi apakati amawadziwa kale. Ku Zambia ndi ku Malawi amati sikani, kuchipatala cha kuno amati ecografia. Dokotala wa ku Glasgow, Ian Donald, ndiye anaonetsa dziko m'chaka cha 1958 kuti makinawa angaunike m'mimba mwa mayi. Amatumiza mawu aang'ono amene khutu silingamve. Mawuwo akagunda mnofu amabwerera, monga mmene phiri limabwezera mawu a munthu wofuula, ndipo makina amasandutsa zobwererazo kukhala chithunzi. Sapweteka ndipo sawotcha thupi. Makina amakono amatha kuonetsa ngakhale mtsempha wochepa ngati ndodo ya machesi, malinga woyezayo akhale wophunzitsidwa bwino ntchitoyo.

Mkamwini uja anapita ulendo wachiwiri ku chipatala china chachikulu, ndipo kumeneko anakumana ndi dokotala wofatsa. Asanayatse makina, dokotalayo anati, "Bambo, tandilozerani ndi chala chimodzi pamene pamapweteka." Atatsindika pamalopo ndi chala chachikulu, bamboyo analumpha, ululu nuthamangira m'thako monga umachitira masiku onse. Dokotala anapaka mafuta ozizira, nayendetsa mutu wa sikani m'mphepete mwa fupa, ndipo akuyang'ana pagalasi analunjika singano pambali pa mtsempha nathirapo mankhwala ochititsa dzanzi. Patapita mphindi zochepa bamboyo anawerama natola nsapato yake pansi. Mkazi wake, amene anamuperekeza, anangogwira pakamwa.

Jakisoni ameneyu amagwira ntchito ziwiri. Amachepetsa ululu, komanso ndiye mboni: ululu ukazimirira mtsempha utachita dzanzi, ndiye kuti wolakwa wapezeka. Ena amapeza bwino ndi jakisoni mmodzi kapena angapo, ena ululu umabwerera ndipo amafunika opaleshoni yaing'ono yomasula mtsempha. Bamboyo anabayidwa kawiri, anaphunzitsidwa zolimbitsa thupi, ndipo dzinja lotsatira analima, ngakhale thumba lathunthu sakusenzanso yekha. Apongozi anamutumizira nkhuku kudzera mwa mwana wao.

Komabe sikani si yankho la msana uliwonse. Mawu ake sabowola fupa, choncho singaone bwino zochitika m'kati mwa fupa la msana. Vuto likakhala m'menemo pamafunika makina ena otchedwa MRI, amene amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Sikuti chipatala chilichonse chokhala ndi sikani chili ndi munthu wodziwa kufufuza mitsempha, ndipo mtunda wopita ku Hospital Provincial de Tete umaposa makilomita 250. Ena amawolokera ku St Francis ku Katete poti ndi kufupi. Ndi bwino kuyambira pachipatala chaching'ono ndi kutenga kalata, kusiyana ndi kugulitsa mbuzi popanda kudziwa kolowera.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira. Msana ukamapweteka limodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, chingakhale chifuwa chachikulu cha TB chimene chalowa m'mafupa, ndipo mankhwala ake alipo. Miyendo ikafooka, pakati pa ntchafu pakachita dzanzi, kapena mkodzo ukamatuluka wokha kaya kukanika kutuluka, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mapiritsi monga diclofenac ndi ibuprofen akamwedwa miyezi yambiri amatha kuyambitsa zilonda m'mimba ndi kuononga impso.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Wodwala msana akafika kwa dokotala aloze malo enieni ndi chala chimodzi, anene ululu unayamba liti, umatsikira kuti, ndi chimene chimauonjezera. Afunsenso ngati mtsempha wa pafupa la chiuno wayezedwa. Achibale naonso, akamva kuti X-ray sinapeze kanthu, amuperekeze wodwalayo ulendo wina asanamutche waulesi.