Nsapato za Akavalo mu Mzinda wa Vienna

Chibwerere ine ku ulendo wanga wa ku Ulaya, ambiri a inu mwakhala mukundifunsa za nyumba zazitali ndi za zakudya za Azungu. Zimenezo tidzakamba tsiku lina. Lero ndifuna kukusimbirani kanthu kamene ndinakaona pansi penipeni, ku mapazi a nyama, mu Vienna, ndiwo mzinda waukulu wa dziko la Austria, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Danube.

Tinali awiri ochokera kuno, ndipo Bambo wina wa komweko ndiye anatilandira, natimasulira Chijeremani ponse tinapita. Tsiku lina, Misa itatha, tinaturuka m'tchalichi chachikulu cha Stefano Woyera, chimene eni ache amati Stephansdom. Nsanja yache inatha kumangidwa m'chaka cha 1433, ndipo msinkhu wache ndi mamita 136, kotero kuti mlendo aliyense amayamba wapenya kumwamba kufikira khosi limuwawa. Koma pambali pa tchalichicho panali mzere wa magareta okongola, lililonse ndi akavalo ache awiri, ndi mwamuna wobvala chipewa chakuda chobulungira atakhala pamwamba, zingwe ziri m'manja. Magareta amenewa anyamula alendo ofuna kuona mzinda, ndipo dzina lao ndi Fiaker.

Bambo uja anatiuza kuti dzinali lichokera kwa Fiacre Woyera, mmonke wa ku Ireland amene anakakhala yekha m'thengo pafupi ndi Meaux m'dziko la France, namwalira cha m'ma 670. Patapita zaka pafupifupi 1,000, magareta olipira a mu Paris ankaimika pa nyumba ina yochedwa dzina la woyerayo, ndipo anthu anangoyamba kuchula magaretawo ndi dzina lomwelo. Mu Vienna chilolezo choyamba cha gareta lotere chinaperekedwa m'chaka cha 1693.

Tiri chiimire, gareta limodzi linanyamuka, ziboda za akavalo ziri gobede gobede pa miyala, kumveka mpaka kuseri kwa tchalichi. Linzache linatsatira pambuyo, koma ilo linapita mwakachetechete, monga munthu wobvala nkhwaira za matayala. Ndinazizwa, ndipo pokumbukira kuti safunsa anadya phula, ndinapempha Bambo kuti andifunsire kwa woyendetsa wina wachikulire amene anali kumwetsa akavalo ache. Mkuluyo anaseka, nawerama, nakweza mwendo wa kavalo mmodzi. Kunsi kwa chiboda kunalibe chitsulo chonyezimira, koma kunali nsapato ya pulasitiki yochindikala. Nditaikanikiza ndi chala chachikulu ndinaimva kulimba kwache, koma inali yotha kupindika pang'ono.

Tsono, popeza ambiri a ife sitinakhale pafupi ndi kavalo, ndiyambe ndalongosola za phazi lache. Ng'ombe iri ndi chiboda chogawanika pawiri, koma kavalo ali nacho chimodzi chathunthu monga bulu. Khungwa lache lakunja liri ngati chikhadabo cha munthu: silimva kuwawa polidula, ndipo limamera kosalekeza, pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Kavalo woyenda pa udzu ndi pa dothi, chiboda chache chimaperepeseka molingana ndi kamereko. Koma wokoka katundu pa miyala ndi pa tala tsiku ndi tsiku, chimatha msanga koposa kumera kwache, ndipo ayamba kutsimphina. Chifukwa chache anthu a ku Ulaya, kwa zaka mazana ambiri, akhala akusula chitsulo chokhota ngati mwezi wokhala kumene, nachikhomera ndi misomali m'khungwa lija losamva kuwawa.

Nanga chitsulo chalakwanji tsopano? Mlandu woyamba ngwa mseu. Nsapato zachitsulo, makamaka zokhala ndi timano tolimba toletsa kuterereka, zimakumba tala ndi kuswa miyala ya m'miseu ya pakati pa mzinda, ndipo chaka ndi chaka akulu a mzinda aononga ndalama zambiri pokonza. Mlandu wachiwiri ngwa kavalo mwini. Chiboda ndi chinthu chamoyo. Nyama ikaponda, mbali ya ku chitende imatanuka pang'ono, ndipo kamnofu kolimba ka kunsi kamakanikizika. Ikakweza mwendo zonse zibwerera m'malo. Kutanuka kumeneku kumachepetsa kugunda, ndiponso kuthandiza magazi kuyenda m'phazi. Chitsulo sichidziwa kutanuka, ndipo kugunda kwache pa mwala kumakwera ndi mafupa a mwendo. Pa zifukwa ziwirizi, m'chaka cha 2019 akulu a mzinda anagwirizana ndi sukulu yaikulu ya madokotala a ziweto ya mu Vienna, imene inayambika mu 1765, kuti ayese nsapato za pulasitiki pa akavalo ena a magaretawa.

Mkulu uja poona kuti nkhaniyi yandigwira mtima, anatiitana kuti tikaone khola lache m'mawa mwache, pakuti linali tsiku lobwera mmisiri wa nsapato. Tinakwera basi kumka kunja kwa mzinda, ndipo tinampeza mmisiriyo atayamba kale nchito. Chipala chache anachinyamula m'galimoto, ndipo moto wache unali wa gasi, wosafuna mvukuto. Pa kavalo woyamba anachita monga osula makasu a kwathu: anaotcha chitsulo kufikira chiri psuu, nachisula ndi nyundo, nachiyesa pa chiboda, utsi uli tolotolo, pfungo ngati la tsitsi lopsa, kavalo osatekeseka konse. Pa wachiwiri sanayatse moto. Anasenga chiboda ndi mpeni, nachisalaza ndi tupa, nasankha nsapato ya pulasitiki ya muyeso wache, naikhomera, nadula zotsalira m'mbali ndi mbano. Anati ziriponso zina zomata ndi guluu, zothandiza kavalo amene chiboda chache chang'aluka kotero kuti msomali sungagwire.

Ndinamfunsa kuti, Kodi yabwino ndi iti? Iye sanafulumire kuyankha. Anati ya pulasitiki njopepuka, imafewetsa kugunda, ndipo ilola chitende kutanuka. Koma mtengo wache ngwokwera, ndipo pa kavalo wolemera wokwakwaza mapazi ikhoza kutha kapena kuguluka nthawi yache isanakwane. Chitsulo achisula kuti chitsate phazi, ngakhale likhale lokhota. Pulasitiki sangaisule pa moto, angoidula ndi kuipala. Ndipo anationetsa chinthu chimene sindikadachiganiza: phazi la kavalo pofika pansi liyenera kutsetsereka pang'ono lisanaime. Pulasitiki ikagwira tala mwamphamvu, phazi liima mwadzidzidzi, ndipo mfundo za mwendo ndizo zisauka. Nsapato iliyonse, anatero, iyenera kuchotsedwa pakapita masabata 6 kapena 8, kuti asenge chiboda chimene chamera.

Mwini khola anaonjeza kuti iye sanabveke akavalo ache onse tsiku limodzi. Anayamba ndi awiri okha, nawapenyetsetsa masabata ambiri. Madzulo ali onse ankagwira ziboda zao ndi dzanja kuti amve ngati zatentha, ndipo m'mawa ankawayendetsa pabwalo, iye ali chete kumvetsera ngati mapazi onse anai agunda mofanana. Mmodzi anayamba kuponda momasuka. Mnzache anagulula nsapato kawiri, ndipo anambwezera chitsulo. Ndinati mumtima mwanga, akulu athu sananame kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Akulu a mzinda aganiza za miyala, ogulitsa aganiza za malonda ao, koma kavalo alibe pakamwa ponenera pamene pamuwawa. Wofuna kudziwa ayenera kuwerama ndi kuyang'ana phazi. Ndipo anthu a Vienna anaikanso lamulo m'chaka cha 2016 lakuti kutentha kukafika madigiri 35, akavalo a magareta aleke nchito, abwerere kukhola.

Pobwerera m'basi ndinakumbukira ng'ombe ndi abulu athu amene akoka ngolo za chimanga, njerwa ndi fodya. Kale anayenda m'njira za pfumbi, koma lero ambiri ayenda mitunda yaitali pa tala wotentha wa mwezi wa October ndi pa miyala yoswa. Sindikuuzani kuti mukagule nsapato za pulasitiki ai, pakuti zimene ndinaona nzopangira akavalo. Koma chimene anachita mkulu uja sichifuna ndalama. Inu atate, mukamasula goli madzulo, kwezani phazi la bulu, chotsani timiyala ndi minga, penyani pakati pa ziboda za ng'ombe ngati pali chironda, ndipo phunzitsani anyamata oyendetsa ngolo kuchita chimodzimodzi. Nyama ikayamba kutsimphina, isamenyedwe mkwapulo. Ipumule, ndipo muitane mlangizi wa ziweto. Ng'ombe imodzi ikapunduka mwezi wa kukolola, chimanga chigona kumunda ndipo banja lonse lisenza pamutu.

Tsalani bwino, ndine mnzanu wa paulendo.