Tambala wakuda aliyense akuti ngwa Mikolongwe

Ku America ena amaweta njoka za boa, zonga nsato, n'kumazikweretsa pofuna mawanga okongola. Zikakwerana ziwiri za mawanga otchedwa motley, ana ena amabadwa ofooka, sakhalitsa. Zimenezi zikundikumbutsa zathu zino pa Mtengowanthenga. Tambala wakuda aliyense pamsika akuti ngwa Mikolongwe, chonsecho wa Mikolongwe weniweni, Black Australorp, nthenga zake zimanyezimira mobiriwira padzuwa, miyendo yake yakuda. Timagula, n'kusakaniza ndi zachikuda, pakapita nthawi tambala yemweyo akukwera ana ake omwe. Kenako tikudabwa thadzi lokana kufungatira mazira. Ogulitsanu, tiuzeni zoona za makolo a nkhukuyo. Ine ndikudandaula thadzi lathu lachikuda lija, lomwe kabawi akangodutsa limabisa anapiye onse m'mapiko.