Kale wailesi inkayankha kalata

Inu amene munabadwa foni ili kale m'thumba, tachotsani kaye mahedifoni m'makutumo. Nkhani iyi ndi ya ife a imvi, koma mwina mutolapo kanthu. Kuno ku Montague Gardens, dera la mafakitale ndi mashedi osungiramo katundu pafupi ndi Milnerton mumzinda wa Cape Town, Amalawi tilipo ndithu: owotcherera zitsulo, opala matabwa, okweza katundu m'malole, alonda a usiku. Ambiri timagona ku Dunoon kapena ku Joe Slovo Park, ndipo dzina loti Marconi Beam si lachilendo kwa ife. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti pamalo amenewa panali milongoti italiitali ya siteshoni yolandira mauthenga a shortwave ochokera ku England. Inayamba kugwira ntchito mu 1927, inzake yotumiza mauthenga ili ku Klipheuwel. Milongotiyo inachotsedwa kalekale, pamalopo padzaza nyumba ndi mashedi, koma nthaka imene timaponda popita kuntchito inayamba kutchera khutu kutsidya kwa nyanja agogo athu asanaione n'komwe wailesi.

Kwathu wailesi inafika m'manja mwa anthu wamba mochedwerapo. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa kawailesi kotchedwa Saucepan Special, kozungulira, ka aluminiyamu, kopaka utoto wabuluu, ka mtengo wa mapaundi 5, batire lake lalikulu logulitsidwa padera. Kanali ka shortwave chifukwa nyumba youlutsira mawu inali ku Lusaka, ndipo mawu ake ankayenera kufika mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Apo ndi pamene agogo anamva Chinyanja chikutuluka m'chitini, Alick Nkhata akuimba ndi gitala. MBC itabadwa mu 1964, m'nyumba munayamba kulowa mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre, a Supersonic ochokera ku Bulawayo, ndi aja ankabwera nawo anthu ochokera ku Theba, atawanyamula paphewa kuchokera pa depoti mpaka kumudzi kuti aliyense aone kuti munthu sanapite ku Joni kukasewera. Wailesi inkakhala pamwamba pa kabati itafunditsidwa kansalu koluka, ndipo mwana woigwira popanda chilolezo ankadziwa yekha chimene chimuonekere.

Lero mukayenda mu Montague Drive nthawi ya nkhomaliro mupeza anyamata athu atatsamira mpanda, mphepo ya kuno ikuwathirira mchenga m'chakudya, aliyense maso ali pa foni yake. Uyu akumvera Zodiak, uyo Times, winayo akuonera zigoli za Maule ndi Manoma. Mawu akumveka bwino kuposa mmene ankamvekera kwa munthu wa ku Ndirande m'masiku athu, chikhalirecho mzinda wa Blantyre uli pa mtunda wa makilomita oposa 2,500. Palibe wokwera mumtengo kukamanga waya, palibe wokalipira anzake kuti akhale chete. Koma palibenso womva chimene mnzake akumva, moti wina akaseka yekha enawo sadziwa chamuseketsa. Dandaulo lawo ndi limodzi: bandulo yatha.

Ife dandaulo lathu linali mabatire. Ankayanikidwa padenga dzuwa likuswa mtengo, ena n'kumangidwa ambirimbiri m'chipepala ndi mphira kuti atulutse kamphamvu kotsala, mpaka ayambe kuchucha madzi oyabwa aja onunkha dzimbiri. Dzuwa likalowa, koloboyi akufuka utsi wa parafini, mwini wailesi ankapotokola pang'onopang'ono, khutu lili pa sipika. Choyamba kumveka chinali phokoso ngati usipa ukukazingidwa m'mafuta otentha, kenako tswiii, kenako mawu a munthu akubwera ndi kupita. Aphunzitsi a sayansi anatiuza chifukwa chake: mafunde a shortwave amakwera m'mwamba makilomita mazanamazana, n'kugunda mpweya umene umasintha usana ndi usiku malinga ndi dzuwa, n'kubwerera pansi kutali kwambiri ndi kumene anachokera. N'chifukwa chake masana tinkasaka pa mamita 16 ndi 19, usiku n'kusamukira pa 49, 60 ndi 90. Siteshoni iliyonse inali ndi chizindikiro chake. Radio RSA ya ku Johannesburg inkatsegula ndi kulira kwa mbalame ndi gitala, BBC inkatimvetsa belu la Big Ben. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wopupuluma ankangotsala ndi phokoso.

Mutati muyese lero kuno, mupeza kuti mlengalenga mwadzaza zinyalala. Tchaja iliyonse ya foni, babu lililonse la LED, makina owotcherera, ma inverter a sola pamadenga a mafakitale, zonsezi zimalavula phokoso limene shortwave imatola. Choseketsa n'chakuti mu 2023, pamene magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, wa wailesi ya mabatire ndi amene ankapeza mpata, poti dera likachita mdima mlengalenga munkayera, masiteshoni akutali n'kumveka. Koma omvekawo atsala ochepa. Radio Netherlands inatseka mapologalamu ake a Chingerezi mu 2012. Deutsche Welle inatseka milongoti yake ya ku Kigali mu 2015. Siteshoni yaikulu ya ku Meyerton, kummwera kwa Johannesburg, imene inkanyamula Chinyanja cha Channel Africa, dzina latsopano la Radio RSA kuyambira 1992, inazimitsidwa mu Marichi 2019. Otsala ndi monga BBC kuchokera pa chilumba cha Ascension, China Radio International, ndi a mipingo monga Trans World Radio ya ku Eswatini, imene yakhala ikuulutsa mawu kuyambira 1974.

Tsono kale kunali kagulu ka anthu amene kumva kokha sikunkawakwanira, ankafuna umboni. Ambiri anali aphunzitsi, makalaliki a kwa DC, anyamata a ku sekondale ndi a ku positi ofesi. Munthu akagwira siteshoni yakutali ankatenga kope n'kulemba tsiku, nthawi ya GMT atachotsa maola awiri pa nthawi ya kwathu, nambala imene waipezapo siteshoniyo, ndi zonse zimene wamva kwa mphindi 15 kapena 20: muulutsi wanena chiyani, yatsatira nyimbo yanji, nkhani zayamba nthawi yanji. Kenako ankapereka malikisi kasanu, kuyambira 1 mpaka 5, pa ndondomeko yotchedwa SINPO: mphamvu ya mawu, kusokoneza kwa masiteshoni ena, phokoso la mlengalenga, kubwera ndi kupita kwa mawu, ndi mmene zonse zamvekera pamodzi. Wolemba 55555 ali ku Ntchisi ankadziwikiratu kuti wanama. Kalatayo inkapita pa ndege, nthawi zina muli kapepala kogula ku positi kotchedwa International Reply Coupon, koti a kutsidyako akasinthe ndi sitampa yoyankhira. Mainjiniya ankayerekeza lipoti lako ndi buku lawo, ndipo zikagwirizana ankakutumizira khadi lotchedwa QSL, lotsimikiza kuti tsiku lakuti, nthawi yakuti, iweyo unawamvadi.

Kudikira kwake kunali kwa miyezi. Khadi likafika, kudzera pa bokosi la sukulu kapena la mpingo, linkayamba ladutsa m'manja ambiri lisanafike kwa mwini wake. Envulopu yopyapyala ya timizere tofiira ndi tabuluu m'mphepete, sitampa ya nkhope yachilendo, fungo la inki ndi pepala losalala limene kwathu kunalibe. Mkati nthawi zina munkakhalanso ndandanda wa mapologalamu, kambendera ka nsalu kapena kalendala. Makhadi ankasungidwa m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi satifiketi ya ubatizo, kuopa chiswe ndi mphemvu. Chimene ambiri sitinkachiganizira n'chakuti nafenso tinkasakidwa. Ku Sweden, ku Finland, ku Japan kunali anthu osagona tulo, akulimbana ndi kugwira MBC pa 3380 kHz, pa mamita 90, kuti alembere ku Chichiri. Munthu wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa ankamvetsera ng'oma zathu kunja kuli chipale chofewa, m'mawa n'kukadzitama kwa anzake kuti wagwira Malawi.

Masewerawa sanafe, angosintha mawanga. Masiteshoni monga Radio Romania International amayankhabe malipoti, koma ambiri tsopano amatumiza khadi pa imelo, chithunzi chongoonera pa foni, chopanda fungo, chopanda sitampa. Pa intaneti palinso mawailesi a shortwave oti aliyense atchere ali patali, ndipo yotchuka ndi ya pa yunivesite ya Twente ku Netherlands. Mnyamata wa ku Dunoon atha kupotokola wailesi ya ku Ulaya ndi chala chimodzi ali chigonere pabedi. Ukawaonetsa achinyamata khadi lakale amalitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti linkabweretsa ndalama zingati. Ukayankha kuti silinkabweretsa kanthu amakuyang'ana mwachisoni. Ine sindiwadzudzula. Munthu wolipira lendi ya chipinda cha malata, mwezi ukatha n'kutumizanso kumudzi pa Mukuru, funso limenelo ndi lomuyenera.

Komatu anzanga amsinkhu wanga, tisawanamize anawa. Makhadi aja sankabwera chifukwa chakuti a ku Moscow kapena a ku Pretoria ankatikonda. Inali nthawi ya mpikisano wa maiko akuluakulu, ndipo boma lililonse linkafuna khutu la munthu wa mu Africa. Radio RSA, imene inayamba mu 1966, inkalankhula Chichewa chokoma n'kumatumiza makhadi a maluwa ndi nyama za m'tchire, pamene abale athu a m'migodi ya dziko lomwelo ankagona m'makomponi ndi kuyenda ndi mapasi. Kuno munthu wopezeka akumvera Radio Freedom ya ANC, youlutsidwa kuchokera ku Lusaka ndi mizinda ina, ankatha kumangidwa. Kwathu nako, m'nthawi ya chipani chimodzi, envulopu ya sitampa ya dziko la chikomyunizimu inkatha kukuitanira mafunso amene sunawafune. Ndiponso masewerawa anali a anthu a malipiro, odziwa Chingerezi, pafupifupi onse amuna. Amayi athu wailesi ankaimvera ali kukhitchini, utsi uli m'maso, ndipo siteshoni ankasankha ndi bambo.

Lero mayi wa ku Mangochi ali ndi foni yakeyake, ndipo sapempha chilolezo kwa munthu kuti amvere chimene akufuna. Pa ichi chokha masiku ano apambana. Onjezanipo za maliro. Kale tchona ankatha kumva za imfa ya mayi ake kalata itayenda milungu, pamanda patamera kale udzu. Amwayi ndi amene ankagwira uthenga wa chisoni pa MBC usiku, mawu akubwera ndi kupita, munthu osatsimikiza ngati mudzi watchulidwawo ndi wa kwawo. Lero uthenga umafika ola lomwelo, gulu la pa WhatsApp la anthu a kumudzi kumodzi limasonkha chipepeso dzuwa lisanalowe, ndipo mwambo wa kumanda umaoneredwa pa foni munthu ali pa shifiti. Wofuna kubwerera ku masiku akale ayambe wafunsa munthu amene kholo lake linaikidwa iye asakudziwa.

Komabe chilipo chimodzi chimene shortwave inatiphunzitsa, ndipo chinaonekera poyera mu 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi, ndiponso a Chakufwa Chihana atamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo, wailesi ya kwathu inali ndi mbali imodzi yokha ya nkhani. Anthu ankatseka mawindo, kutsitsa voliyumu, n'kusaka Focus on Africa ya BBC, kenako Chichewa cha ku Johannesburg, kenako Voice of America. M'mawa mwake pa golosale kapena m'basi mafunso anali omwewo, a monong'ona: mwamva kuti? Wanena ndani? Nanga enawo anenanso? Nkhani inkakhulupiriridwa ikamveka pa masiteshoni awiri kapena atatu osadyera mbale imodzi. Motero anthu anafika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 akudziwa zambiri kuposa zimene boma linkafuna kuti adziwe. Chimene osunga makhadi ankachita mosewera, cholemba tsiku, nthawi ndi dzina la wolankhula, chaka chimenecho chinasanduka nzeru ya dziko lonse.

Lero uthenga wa mawu umagwera pa foni wopanda dzina, wopanda tsiku, wopanda kumene wachokera. Wina akuti ku Beitbridge atseka, wina akuti mawa alendo onse athamangitsidwa, wina akuti kwacha igwa Lolemba. Pofika nthawi yoweruka uthengawo wazungulira mafakitale onse, ena akonzeka kujomba kuntchito, ena ayamba kumanga katundu mwamantha. Nthawi zina zimakhala zoona, ndipo kwa mlendo m'dziko la eni chenjezo lotere limapulumutsa moyo. N'chifukwa chake likakhala labodza limapweteka kawiri, poti mawa loona likadzabwera anthu adzalinyozera. Mawailesi a kale ankanama ndithu, koma wonamayo ankatchula dzina lake, mzinda wake ndi keyala yake, ndipo unkatha kumulembera kalata.

Sindikuuza munthu kuti ataye foni akagule wailesi ya mabatire. Wofuna kulawa atha kupeza kawailesi ka shortwave pa mtengo wosaboola m'thumba, n'kupita nako kugombe la Milnerton kapena la Blouberg madzulo, kutali ndi mawaya a mafakitale, akamve yekha mmene dziko limamvekera popanda bandulo. Anzanga amene mukusungabe makhadi m'zitini, atulutseni muwaonetse adzukulu, ndipo muwauze zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Inu achinyamata, sungani mafoni anuwo, ndi abwino. Koma musanatumize uthenga ku gulu, dzifunseni mafunso atatu: wanena ndani, wanena liti, ali kuti. Ngati mayankho palibe, uthengawo uthere pa inu.