Bulashi Yopanda Ubweya

Mzinda wa Mzuzu uli pachibale ndi utoto kuyambira kale, ngakhale kuti ambiri okhala mumzindawu sadziwa za ubalewo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene malowa adali tchire la nkhungu ndi mvumbi, azungu adatsegulapo munda waukulu wa mitengo yotchedwa tung. Njere za mitengoyi amazifinya n'kupezamo mafuta, ndipo ntchito yaikulu ya mafutawo ndi kupangira penti ndi vanishi. Anthu adakhamukirako kukafuna ntchito, nyumba zidamera, masitolo adatsatira, mpaka m'chaka cha 1985 Mzuzu udalandira ulemu wotchedwa mzinda. Ulimi wa tung uja udazilala kalekale, koma utoto sudasamuke. Munthu woyenda kuchokera ku Katoto, kudzera kumsika waukulu mpaka ku Luwinga, amaperekezedwa ndi zikwangwani njira yonse: apa lumo ndi mutu wometedwa bwino, apo nkhuku itaima pambali pa mbale ya tchipisi, uko makina osokera.

Zikwangwanizi zili m'magulu awiri. Zina adazijambula pakhoma ndi bulashi yaubweya yoviika m'chitini cha penti. Zina, zimene zikuchulukirachulukira chaka ndi chaka, adazikonza pa kompyuta n'kuzisindikiza pa nsalu ya pulasitiki. Pakati pa magulu awiriwa pagona nkhani yoyenera kuilingalira mofatsa, pakuti ikukhudza nsima ya amisiri akale komanso tsogolo la anyamata ndi atsikana amene ali ndi dzanja lojambula.

Luso lojambula silidabwere ndi sitima yapamadzi. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zithunzi zofiira adajambula ndi Akafula, ndipo zoyera adajambula ndi Achewa, amene ankatapa dothi loyera ndi chala n'kumapaka pathanthwe. Amayi a m'midzi nawonso akhala akukongoletsa makoma ndi katondo, phulusa ndi makala. Chala chidasiyira bulashi, ndipo tsopano bulashi ikusiyira kompyuta. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendo uyu nkakuthwadi, motero nkofunika kudziwa kagwiridwe kake.

Pulogalamu yotchuka yokonzera zithunzi, Photoshop, idatuluka m'chaka cha 1990, ndipo adaiyambitsa ndi abale awiri a ku America, Thomas ndi John Knoll. Imeneyi njolipira. Pambuyo pake padabwera zina zaulere monga GIMP, imene idatuluka mu 1996, ndi Krita, imene adaikonzera makamaka anthu ojambula. Palinso timapulogalamu tolowa m'foni yam'manja, kotero kuti mwana wa ku Zolozolo atha kuyamba kujambula ndi chala pagalasi la foni ya mchemwali wake, monga momwe makolo aja ankachitira pathanthwe.

Chithunzi cha m'kompyuta ndi timadontho tosanjikana m'mizere, tochepa zedi moti diso silingatisiyanitse. Galasi lokhala ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi limanyamula timadontho toposa 2 miliyoni. Kadontho kalikonse kali ndi tinyali titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Kanyali kalikonse katha kuwala pa milingo 256, kuyambira pozimiratu mpaka powala kotheratu. Wodziwa masamu akachulukitsa 256 ndi 256, n'kuchulukitsanso ndi 256, apeza kuti kompyuta itha kuonetsa mitundu 16,777,216. Mmisiri wa zikwangwani amayenda ndi zitini zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mwana wapakompyuta ali ndi nkhokwe yosatha, ndipo salipira dontho ngakhale limodzi.

Nanga bulashi yake njotani? Ilibe ubweya, ilibe mpini, siuma ndipo sifuna parafini woitsukira. Kwenikweni ndi kachidindo kamene kamadinda chizindikiro chimodzi kambirimbiri motsatana, mofulumira kwambiri moti diso limangoona mzere umodzi. Wojambula ndiye amalamula khalidwe la kachidindoko. Amasankha kukula kwake. Amasankha ngati m'mphepete mwake mukhale molimba, modula mzere ngati mpeni, kapena mofewa, mozilala pang'onopang'ono ngati utsi. Amasankhanso kukhuthala kwa utoto: akaika pa 100, utotowo umakwirira zonse zimene zili pansi pake, akautsitsa kufika pa 20, zapansi zimaonekerabe ngati miyala ya m'madzi oyera. Kachidindoko katha kutengera maonekedwe a choko, makala, utoto wamadzi, ngakhale udzu. Amene ali ndi ndalama amagula kathabwa kapadera ndi cholembera chake, monga zimene imapanga kampani ya Wacom ya ku Japan. Cholemberacho chimamva mphamvu ya dzanja: wojambula akasindikiza, mzere umanenepa, akapeputsa, umawonda.

Pamene pagona chinsinsi chachikulu ndi pa kasakanizidwe ka mitundu. Mwana aliyense amene adagwirapo penti amadziwa kuti wabuluu ndi wachikasu amabala wobiriwira, ndipo kuti munthu akathira mitundu yonse m'chitini chimodzi amapeza matope. Zili choncho chifukwa penti amameza kuwala. Mtundu uliwonse wowonjezedwa umameza gawo lake, ndipo chotsala chimanka chiderabe. Kompyuta imasakaniza kuwala kumene, motero malamulo ake ngotembenuka. Kuwala kofiira kukakumana ndi kobiriwira kumabala chikasu, ndipo tinyali tonse titatu tikayaka pamodzi timabala kuyera. N'chifukwa chake wophunzira amadabwa akasakaniza wabuluu weniweni ndi wachikasu pa kompyuta n'kupeza mtundu wotuwa ngati phulusa. Makina sadalakwe ayi. Chikasu chidali kale ndi kufiira ndi kubiriwira m'kati mwake, ndipo buluu adangodzakwaniritsa utatu uja.

Pofuna kuti mtundu wina ulowerere mwa unzake popanda msoko, ojambula amatsata njira zingapo. Yoyamba, imene imafuna kudekha, ndi kupaka mitundu iwiriyo moyandikana, kutsitsa kukhuthala kwa utoto, kupaka umodzi pamwamba pa unzake, kutapa mtundu wapakati umene wabadwa, n'kupakanso, mpaka malire atazimirira. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito kachipangizo kokhala ngati chala, kamene kamakoka utoto wauwisi kuchokera uku kupita uko. Yachitatu imadalira zigawo zosanjikiza, zimene Photoshop idayamba kukhala nazo mu 1994. Zigawozi zili ngati mapepala oonekera oikidwa lina pamwamba pa linzake: mizere papepala lake, mitundu papepala lake, mithunzi papepala lakenso. Wojambula amauza pepala lapamwamba momwe likhalire ndi lapansi. Njira yotchedwa Multiply imadetsa, choncho njabwino pa mithunzi, ndipo ndi imene imachititsa kuti chikasu choikidwa pa buluu wowala chibale kubiriwira monga achitira penti. Njira yotchedwa Screen imawalitsa, choncho imathandiza pojambula dzuwa, moto kapena kunyezimira kwa madzi.

Pali msampha wina umene umakola ambiri pa tsiku losindikiza. Makina osindikizira sagwiritsa ntchito kuwala; amabwereranso ku inki zinayi: yabuluu wowala, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Mitundu ina yothobwa m'maso imene imaoneka pagalasi inkizi sizingaifikire. Mwini sitolo amene adasirira chikwangwani chake pa kompyuta atha kukwinya nkhope ataona chitatuluka chozilala, ndipo wotayapo ndalama amakhala wojambula uja. Wochenjera amayamba wasindikiza kachidutswa kakang'ono koyesera.

Zonsezi munthu atha kuziphunzira m'miyezi yochepa. Chimene chimatenga zaka ndi china, ndipo nkhani ya mkulu wina wa ku Chibavi ndi mwana wa mlongo wake ikuchionetsa bwino. Mkuluyu adalera ana ake ndi ndalama za zikwangwani, koma ntchito idayamba kumuthawa pamene masitolo adatembenukira ku nsalu zosindikiza. Mnyamatayo, amene adali atangomaliza Fomu 4, adapeza kompyuta yakale n'kudziphunzitsa yekha kujambula. Tsiku lina adajambula nkhope ya agogo ake, n'kupita nayo kwa atsibweni akewo monyadira. Mkuluyo adaiyang'ana nthawi yaitali osalankhula.

"Mphwanga, mphuno ndi yawodi, maso ndi awodi. Koma amayi anga sadakhalepo chidole cha m'sitolo. Khungu ili walitenga kuti?"

"Atsibweni, ndatenga mtundu wakhofi, ndawonjeza wakuda m'mithunzi ndi woyera mowala, kenaka ndasalaza ndi bulashi yofewa."

"Tiye panja."

Gogoyo adali pakhonde akusola chimanga. Mkulu uja adauza mnyamatayo kuti akhale pansi, asanene kanthu, angoyang'ana. Patapita nthawi mnyamatayo adayamba kuona zimene adali asadazionepo pankhope imene adakula akuiona. Pamphumi padali kubiriwira kwa mtambo, poti khungu lakuda limabweza mtundu wa thambo. Kunsi kwa chibwano kudali kufiira kochokera ku katondo wa pabwalo. M'masaya mudali mtundu wonga wa nthudza zakupsa. Mthunzi wa mphuno udali ndi malire akuthwa, pamene wa tsaya unkazilala pang'onopang'ono. Pankhope yonseyo panalibe malo akuda bii kapena oyera mbee. Bulashi yofewa ija idafafaniza makwinya, ndipo pofafaniza makwinyawo idafafanizanso zaka zonse zimene gogoyo adalima, kubereka ndi kulira maliro.

Chithunzi chachiwiri chidamutengera mnyamatayo milungu iwiri. Adayamba ndi bulashi yolimba, kuika mitundu m'zigamba zikuluzikulu, n'kusalaza pokhapo pamene diso lidamuuza kuti mnofu ukukhota. Gogoyo atachiona adagwira pakamwa, nati, "Koma ndakalambadi ine!" Kuyambira pamenepo awiriwo adayamba kugwirira ntchito limodzi. Mkuluyo sadziwa pogwira kompyuta, koma amadziwa kuti chilembo chiyenera kukula bwanji kuti munthu wa m'minibasi achiwerenge, ndiponso kuti ndi mitundu iti imene imamenyana ikakhala pamodzi. Mnyamatayo amadziwa zigawo, inki ndi makina. Mutu umodzi susenza denga.

Phunziro la pakhonde lija likufunika kwambiri chifukwa kompyuta ili ndi zokoma ziwiri zimene zitha kulemaza wophunzira. Choyamba ndi batani lobweza m'mbuyo. Wojambula ndi penti akalakwitsa amalipira ndi chitini china, choncho amayamba waganiza asadagwetse dzanja. Wapakompyuta atha kufufuta kakhumi pa mphindi imodzi, ndipo akapanda kusamala amazolowera kujambula mongoyerekeza, kudikira kuti mwayi umupatse mzere wabwino. Chachiwiri ndi kachipangizo kotapira mitundu. Nkosavuta kutenga chithunzi cha munthu wina pa intaneti, kutapamo mitundu yake n'kuipaka ngati yako. Zotsatira zake ndi zithunzi zosalala, zonyezimira, koma za mapiri achilendo ndi nkhope zachilendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chonsecho Mzuzu uli ndi mitundu yakeyake imene ikudikira woijambula. Nkhungu ya mwezi wa Juni ikatsikira pa mapiri a Kaning'ina, mitengo yapafupi imakhala yobiriwira moderako, yapatsogolo pake yotuwira, ndipo yakutali imasungunukira m'thambo. Kutuwa kumeneko si kumodzi: kwa m'mamawa kumapendekera ku buluu, kwa dzuwa likamatuluka kumapendekera ku chikasu. Kubiriwira kwa paini wa ku Chikangawa nkosiyana ndi kwa nthochi za m'madimba a Lunyangwa. Khofi akamapsa amadutsa m'mitundu ingapo asadafike pofiira. Zovala zoyera za ovina malipenga a ku Nkhata Bay zili ndi mithunzi yabuluu m'mapindiro mwake, ndipo wozijambula ndi utoto woyera wokhawokha amangotulutsa chigamba. Mitundu yonseyi ilimo m'nkhokwe ija ya 16,777,216, koma kompyuta singamuuze munthu kuti woyenera ndi uti.

Kuyambira m'chaka cha 2022 kudafala mapulogalamu amene amatulutsa chithunzi chathunthu munthu atangolemba mawu ochepa. Ena akuti basi, ntchito ya wojambula yatha. Komatu mapulogalamuwa amaphunzira kuchokera ku zithunzi zimene anthu adaziika kale pa intaneti, ndipo amabweza zofanana ndi zimene adadyetsedwa. Ngati ana a kuno sajambula msika wa Mzuzu, mvumbi wake ndi nkhope za agogo awo, makinawo adzapitiriza kuonetsa Malawi wongopeka, ndipo mibadwo yam'tsogolo idzakhulupirira kuti ndi momwe dziko lidalili.

Tsono wophunzira amene akumva dzanja likumuyabwa asadikire kompyuta kuti ayambe. Pensulo, khala la pamoto ndi kuseri kwa kope lakale nzokwanira kuphunzitsa diso kusiyanitsa kuwala ndi mthunzi. Akapeza mwayi wa foni kapena kompyuta, aphunzire mabulashi ndi zigawo mwakhama, asankhe mabulashi awiri kapena atatu n'kuwadziwa bwino m'malo motolera mazanamazana, ndipo azikumbukira kusunga ntchito yake pafupipafupi poti magetsi salaira akamachoka. Apitenso kwa amisiri akale a zikwangwani akadali moyo, akhale pansi, awafunse momwe amapezera mtundu wa khungu kuchokera m'zitini zisanu. Koposa zonse aphunzire kukhala chete pamaso pa chinthu chimene akufuna kujambula, kufikira chitamuululira mitundu yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.