Sarampo ndiye chikuku: mawu amodzi amene ndinasiya kumasulira

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, lero ndikufuna ndiulule kulakwa kwanga.

M'nyengo yozizira yapitayi, kamtsikana kena ka m'kalasi yanga yachiwiri kanabwera kakutsokomola, mamina ali chuchuchu, maso ali psuu, thupi likutentha. Ine ndinangoti ndi chimfine cha mu Juni, poti kuno ku Milange mphepo yochokera kumapiri sinyengerera. Ndinakauza kuti kakhale kumbuyo. Kanabwera masiku awiri, lachitatu osaoneka.

Loweruka ndinapalasa njinga kukakaona. Agogo ake atandipatsa mpando anati, "Ndi chikuku ichi, aphunzitsi." Mwana anali gone m'chipinda cha mdima, atamufunditsa mabulangete awiri, milomo itauma gwa. Totupa tofiira tinayambira kuseri kwa makutu ndi kumaso, tsopano tinali titafika pachifuwa. Sanamusambitse, ati chikuku chingabwerere m'kati.

Mayi ake anali ndi khanda la miyezi 10 kumsana. Nditafunsa ngati linabayidwa katemera, anatulutsa khadi la kusikelo. Tsiku linalembedwa bwinobwino, koma linali litadutsa. Anati, "Anandiuza kuti ndi jekeseni wa sarampo. Matenda amenewo kwathu kuno sindinawamvepo. Chikuku chilinso ndi katemera?"

Ndinasowa poyang'ana. Pamsonkhano wa makolo ndine ndinawerenga kalata yochokera kuchipatala. Zonse ndinamasulira m'Chichewa, koma mawu akuti sarampo ndinawasiya m'Chipwitikizi momwemo, poganiza kuti aliyense amawadziwa. Ine amene ku IFP anandiphunzitsa kuti munthu amayambira pa chimene akuchidziwa kale!

Tsiku lomwelo tinawatengera onse awiri kuchipatala. Zimene anamwino anatiuza ndi izi, ndipo ndikupempha muzisunge.

Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi, chifuwa, mamina ndi maso ofiira. Totupa timabwera patapita masiku atatu kapena anayi, kuyambira kumutu kutsikira kumiyendo. Mwana amapatsira anzake kuyambira masiku 4 totupa tisanaoneke mpaka masiku 4 titaoneka. Ndiye kuti masiku awiri aja ndinamusunga m'kalasi ndi amene anali oopsa kwa anzake.

Kachilombo ka chikuku kalibe mankhwala okapha, chimene chimapulumutsa mwana ndi chisamaliro. Amwe madzi pafupipafupi, adye phala pang'onopang'ono, woyamwa apitirize kuyamwa. Kumusambitsa ndi madzi ofunda sikubweza totupa m'kati. M'maso muzipukuta ndi kansalu koyera ndi madzi owiritsa ozizira, osathiramo zitsamba, shuga kapena china chilichonse. Kuchipatala amamupatsa vitamini A masiku awiri otsatizana, yemwe amateteza maso ndi kuchepetsa ngozi ya imfa. Mukaona akupuma mofulumira, akukomoka, akukana kumwa, akutsegula m'mimba, diso likuchita mtambo kapena khutu likutuluka mafinya, musadikire kuti kuche.

Khandalo analibaya pomwepo. Mkulu wake anachira, ngakhale anabwerera kusukulu ataonda. Ana ena awiri a m'kalasi mwanga anadwalanso, ndipo zimenezi zimandiwawabe mumtima.

Lolemba lotsatira ndinajambula mzere pakati pa bolodi. Mbali ina Chipwitikizi, mbali ina Chichewa. Sarampo, chikuku. Varicela, katsabola, wa matuza amadzi oyabwa. Papeira, masagwidi, otupitsa m'munsi mwa makutu. Pólio, poliyo, wopuwalitsa miyendo. Ana anakopera, ndipo ntchito ya kunyumba inali yokawerengera amayi awo ndi kuona limodzi khadi la mwana wamng'ono wa pakhomopo. M'mawa mwake kamnyamata kena kanati, "Aphunzitsi, agogo akuti bwanji simunanene kalekale?"

Makolo, kuno ku Mozambique katemera wa chikuku amabaya kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18, ndipo ndi waulere. Kuyambira mu 2018 jekeseni yemweyo amatetezanso ku rubela, matenda ooneka ngati chikuku chopepuka koma owononga mwana amene ali m'mimba. Ku Malawi wachiwiri amabaya pa miyezi 15, choncho inu amene mumapita kusikelo tsidya lino ndi tsidya la Muloza, muziyenda ndi khadi kuti anamwino aone pamene munalekezera. Matenda safunsa chiphaso pachipata. Mu 2022 poliyo anapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale, pofika Meyi anali atapezekanso ku Tete.

Aphunzitsi anzanga, kalata ya zaumoyo ikafika m'manja mwathu, tisasiye dzina la matenda osalimasulira. Ngati kwanu amatchula mwina, kaya m'Chilomwe kaya m'Chichewa cha kumudzi kwanu, funsani agogo, mulembe pabolodi dzina lomwelo. Mayi uja chikuku ankachidziwa bwino kuposa ine. Chimene sanauzidwe n'chakuti jekeseni wolembedwa pakhadi lija ndi wa matenda omwewo.