Kompyuta Pansi pa Chigafa

Ife ndife ochokera ku nyanja monga inu nomwe, koma ntchito ya uphunzitsi wa madrasa inatiponya kuno ku Kasungu titangomaliza maphunziro athu ku koleji ya Chisilamu. Kuno kulibe usipa wongovuula kumene. Kuli minda ya fodya yoti diso silifika kumapeto kwake, zigafa, ndi malole onyamula mabelo kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Ana ambiri amene timawaphunzitsa ndi a mabanja ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota, amene anabwera kudzalima fodya m'maesiteti ngati matenanti, zaka n'kumapita, osabwereranso kwawo. Nkhani ili pano ndi ya mmodzi mwa ana amenewa. Dzina lake sitilitchula, pakuti iye ndi bambo ake sakonda kutchuka.

M'chaka cha 2021, ali Folomu 3, mnyamatayu anayamba kujomba Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Iyeyu ndiye ankatithandiza kuyang'anira ana a kalasi yoyamba, choncho kusowa kwake kunaoneka msanga. Titamupanikiza ndi mafunso anaulula kuti amapalasa njinga kupita m'tauni kukaphunzira patitaimu ya kompyuta. Tinapsa mtima, ndipo tivomere pano kuti mkwiyowo sunali wa chipembedzo chokha ayi. Kholo limene limapereka kangachepe ka madrasa mochita kukumbutsidwa, lero lapeza K10,000 mwezi ndi mwezi yolipira munthu wa makina! Aphunzitsi anzathu akudziwa chimene tikunena.

Bambo ake anabwera okha Lachisanu titatuluka ku Jumu'a. Anadikira kuti anthu achepe, kenaka anati: "Mwalimu, ine ndinalima fodya wa munthu zaka 14. Buku la ngongole zanga sindinaonepo mkati mwake. Ndikufuna mwana uyu adziwe kuwerengera."

Inu amene simunakhalepo pa esiteti mwina mawuwa simungawamvetse. Tenanti ankapatsidwa malo, mbewu, feteleza, makasu ndi chimanga chodya, zonse pa ngongole, ndipo kalaliki ankalemba m'buku. Fodya akauma, tenanti ankagulitsa kwa mwini esiteti pa mtengo wonena mwini esitetiyo, n'kuchotsapo ngongole ija. Buku linali la bwana, cholembera cha bwana, woonkhetsa wa bwana. Akakuuza kuti chaka chino ngongole yadya zonse, ulibe poyambira kutsutsa, ndipo ngakhale ya basi yobwerera ku Makanjira ulibe. Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti chaka chomwecho cha 2021, koma munthu amene anadutsamo saiwala. Bambowa tsopano amalima pa munda wobwereka, ali m'kalabu ya alimi, koma mantha a buku sanawachoke.

Tinagwirizana kuti mnyamatayo azibwera kwathu tikatha swala ya m'bandakucha, masana a masiku awiriwo akhale ake. Koma tinati tikaone kaye kumene kukupita ndalamazo.

Tinapeza kachipinda kuseri kwa masitolo, makompyuta akale asanu, ophunzira oposa 20 akusinthana mipando. Pakhomo panalembedwa kuti amaphunzitsa kupanga mapulogalamu ndipo setifiketi imatuluka pakatha miyezi 6. Mnyamata wathu anali ataphunzira miyezi inayi. Ankatha kutaipa kalata, kuikongoletsa ndi kuisindikiza, basi. Luso limeneli ndi labwino, sitikulinyoza, koma si limene bambo aja ankalipira. Kupalasa bwato ndi kusema bwato ndi ntchito ziwiri. Wogwiritsa ntchito pulogalamu amapalasa bwato limene anasema wina. Wolemba pulogalamu ndiye amasema: amalembera makina malangizo mzere ndi mzere, kuti ukalandira nambala iyi uchite chakuti, ikapanda kukwana unene chakuti, ubwereze mpaka mayina onse athe. Titamufunsa mwini malowo kuti atisonyeze kanthu kamodzi kamene wophunzira wake anapangapo yekha, anatisonyeza masetifiketi okhaokha. Makolo anzathu, funso limenelo ndi laulere, muzilifunsa musanatulutse ndalama.

Amene anatilozera kwina ndi mnyamata wokonza mafoni pa msika. Anati pali kagulu ka anthu okonda za mapulogalamu kamene kamakumana Loweruka madzulo pakhonde la nyumba ina. Tinawapeza alipo asanu ndi awiri: mphunzitsi wa sekondale, mayi wina wolemba kaundula wa odwala, wokonza mafoni uja, ana a sukulu, ndi mwini khondelo, mnyamata amene anamaliza digiri ya za kompyuta koma ntchito osaipeza, n'kubwerera kwa makolo ake. Laputopu zinalipo ziwiri. Mnyamata wa digiriyu anavomera kuphunzitsa mwana wathu pa mtengo womwe uja.

Kaphunzitsidwe kake kanatikumbutsa ubao umene tinayambira nawo ife tili ana. Magetsi akathima, monga amachitira kawirikawiri, phunziro silinkaima. Ankamulembetsa pulogalamuyo pa pepala m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, n'kumuuza kuti: "Tsopano iwe ndiwe kompyuta. Tsata mzere uliwonse ndi chala, unene chimene chituluke." Akalakwitsa, kuyambiranso. Panali pomwepo pamene tinaona kuti mwana wozolowera kuloweza, kubwereza ndi kusamala kachizindikiro kakang'ono pamwamba pa chilembo cha Chiarabu amakhala atayamba kale ulendo umenewu, pakuti nako kuno kadontho kamodzi kolakwika kamaononga zonse. Tsiku lina mphunzitsiyo akutchula mawu akuti algorithm, amene amatanthauza ndondomeko ya masitepe othetsera vuto, tinamufunsa ngati amadziwa gwero lake. Mawuwa anachokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 820. Tsiku limenelo nafenso tinaphunzitsako pakhondepo.

Mnyamatayo anakhoza mayeso a Folomu 4 m'chaka cha 2022, koma mapointi ake sanamufikitse ku yunivesite. Apa ndi pamene panayambira vuto la ntchito. Loweruka lililonse a kaguluko ankabwera ndi masamba a nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times n'kumawerengerana malo a ntchito. Ntchito za mapulogalamu zimalengezedwa ndithu: m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'mabungwe, ndi m'zipatala, kumene a Baobab Health anayamba kuika makompyuta olembera odwala ku chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001. Koma pafupifupi chilengezo chilichonse chinkafuna digiri, zaka zingapo zogwirapo kale ntchitoyo, ndiponso malo ake ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ngati wa digiri uja ankangolemba makalata osayankhidwa, nanga wa Folomu 4? Ku Lilongwe kuli malo ngati mHub, amene anayambitsa mayi Rachel Sibande, kumene achinyamata amasulana pa luso limeneli, koma kuchoka kuno ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo munthu akafika amafuna pogona.

Kuno ku Kasungu mwana aliyense wokonda zamakina amauzidwa za William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene mu 2002 anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi atawerenga mabuku a mu laibulale, sukulu atasiya chifukwa cha njala. Nkhaniyo ndi yoona ndipo timainyadira. Koma oifotokoza amalekeza pakati. Kamkwamba anabwerera ku sukulu, mpaka anamaliza ku koleji ya Dartmouth ku America mu 2014. Luso lodziphunzitsa linamutsegulira khomo, koma sanaime pakhomopo.

Mu 2023 kunabwera uthenga pa foni ya mnyamata wathu. Bungwe lina, lotchulidwa dzina lomveka bwino, likufuna achinyamata odziwa kompyuta oti azilemba mayina a alimi kuno ku Kasungu, malipiro abwino, digiri yosafunika. Ofuna atumize K35,000 pa foni ya kalembera ndi kuyezetsa m'thupi, lisanafike Lachisanu. Mnyamatayo sanauze anzake a pakhonde aja, poopa kuti angamulande mwayiwo. Anatenga mpamba wa zitumbuwa wa mayi ake n'kutumiza. Anabwera kwa ife kuti timupemphere, ndipo tinamupempherera ndi mtima wonse, osamufunsa ngakhale funso limodzi lokhudza bungwelo. Lolemba lake nambala ija sinkapezekanso. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo osafunsa tinalipo awiri. Mayi wa kaundula uja atamva anangoti: "Mwananga, wolemba ntchito weniweni amakulipira iwe, si iwe kulipira iye. Ukanangondionetsa." Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo laputopu yakaunjika imene ankasungira ndalama inathawira kutali.

Ntchito yeniyeni inatulukira pakhomo pawo pomwe. Kalabu ya bambo ake ili ndi alimi 15 amene amatenga zipangizo pa ngongole limodzi, ndipo wina akalephera kubweza anzake ndiwo amasenza. Fodya amagulidwa m'madola a ku America, ndipo pepala lochokera ku msika limabwera ndi mizere yambiri ya zochotsera: ngongole, thiransipoti, ziguduli, misonkho. Chaka ndi chaka pankabuka mkangano woti wakuti watenga zambiri, wakuti wadyeredwa, mpaka anthu opemphera mzikiti umodzi osapatsana salamu. Mphunzitsi wa pakhonde uja anauza mnyamatayo kuti: "Wakhala ukusaka ntchito m'nyuzipepala, chonsecho ntchito ili m'chigafa mwa bambo ako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Anatha milungu isanu akulemba pulogalamuyo pa laputopu yobwereka. Munthu amalowetsa dzina la mlimi, mabelo ake, kulemera kwa belo lililonse, mtengo wake, ngongole imene anatenga ndi gawo lake la thiransipoti, ndipo imatulutsa tsamba limodzi la mlimi aliyense. Tsiku loionetsa tinalipo. Anaika laputopu pamwamba pa jeke yodindira mabelo, alimi atazungulira. Atawerenga tsamba lachitatu, gogo wina amene sadziwa kulemba ngakhale dzina lake anapukusa mutu. "Iyayi mdzukulu wanga. Mabelo anga awiri anabwezedwa, koma sanachoke ku Chinkhoma. Galimoto ndinalipira kamodzi. Makina akowo andilipiritsa kawiri." Anali kunena zoona. Mnyamatayo anafuna kunena kuti ndi kachinthu kakang'ono, koma mphunzitsi wake anamudula mawu, namuuza kuti apepese pamaso pa onse, akakonze, ndipo awerengerenso masamba onse 15 ndi dzanja asanabwerenso. Ife tinamulemekeza kwambiri mphunzitsiyo tsiku limenelo. Pulogalamu yolakwika ikanangokhala buku la bwana lina, lovala magalasi.

Kalabuyo inamulipira ndowa ziwiri za mtedza ndi ndalama zokwanira kubweza mpamba wa mayi ake. Makalabu ena awiri anamva, kenaka wokonza mafoni uja anamulumikiza kwa mwini sitolo ya zipangizo zaulimi amene ankafuna kaundula wa katundu. Tisakunamizeni kuti walemera. Ndalamazi zimabwera nyengo ya msika wa fodya, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, miyezi inayo kuli zii. Malume ake ali ku Joni amamuimbira kawirikawiri kuti asiye zoseweretsazo apite akagwire ntchito m'sitolo, ndipo masiku ena amaoneka kuti mtima wake wapita kale. Mphunzitsi wake akumukakamiza kuti alembenso mayeso a Folomu 4 kuti akweze mapointi a masamu ayesere ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS ku Blantyre. Ifenso tili mbali imeneyo.

Pakali pano akuphunzitsa ana atatu, awiri mwa iwo atsikana a ku madrasa kwathu, pakhonde la mayi ake, mayiwo ali pompo akukazinga zitumbuwa. Asanayambe anabwera kudzatifunsa ngati n'koyenera kulipiritsa ana a anthu amene amapemphera nawo limodzi. Tinamuuza kuti alipiritse, pakuti thukuta la mphunzitsi si madzi, koma atchule mtengo poyera, anene zimene mwana adzathe kupanga pakatha miyezi itatu, ndipo zonse azilembe m'kope limene kholo lingathe kutsegula nthawi iliyonse. Anatifunsanso ngati ifeyo tili nalo kope lotero ku madrasa. Tinalibe. Tinakagula Loweruka lotsatira.

Bambo ake amasunga tsamba lawo la chaka chatha m'thumba la pulasitiki, pamodzi ndi chitupa chawo cha unzika. Tsiku lina titawapeza m'chigafa akusoka fodya analitulutsa n'kutipatsa. "Mwalimu, tandiwerengereninso kuyambira pamwamba. Pang'onopang'ono, musadumphe mzere."